Mai Anthea Stewart ndi Mendulo ya Golide ya ku Moscow

Inu awerengi, makamaka ana a sukulu, mpira wa miyendo muudziwa bwino, koma kapena ambiri a inu simunaonepo masewera a hoki. M'masewerawa mbali iriyonse ikhala ndi anthu 11. Munthu aliyense agwira ndodo yopindika kunsonga, namenya nayo kampira kolimba. Cigoli ciwerengedwa pokhapo ngati kampirako kamenyedwa m'kati mwa mzere wokhota umene uli patsogolo pa golo. Lero tikambe mbiri ya Mai Anthea Stewart, amene anasewerera maiko awiri.

Mai Stewart anabadwa m'caka ca 1944. Poyamba anasewerera dziko la South Africa kokwanira ka 25, kufikira pamene analeka mu 1974. M'zaka zonsezo khomo la masewera a Olympic linali lotseka pa zifukwa ziwiri. Coyamba, kuyambira mu 1964 South Africa analetsedwa kupikisana nao cifukwa ca tsankho la mtundu. Caciwiri, hoki ya akazi inali isanalandiridwe m'masewerawo. Motero anthu anayesa kuti mbiri ya maiyu yathera pomwepo.

Zinthu zinatembenuka mu 1980. Pa 18 April dziko la Zimbabwe linalandira ufulu wodzilamulira. M'caka comweco mzinda wa Moscow unali kukonzekera masewera a Olympic, m'mene hoki ya akazi inali kulowa nthawi yoyamba. Koma popeza asilikali a Soviet Union analowa m'dziko la Afghanistan mu December 1979, maiko ambiri anakana kupita. Mwa magulu 6 oyenera kupikisana, 5 anabwerera m'mbuyo. Ndipo kutatsala masiku 35 okha, Zimbabwe anaitanidwa. Mai Stewart, pokhala ndi zaka 35, anatenganso ndodo yao, nakhala mphunzitsi ndi wosewera yemwe. Mtsogoleri wa gulu pabwalo anali Ann Grant.

Ulendo wao unadzera kwathu kuno. Anafika ku Lusaka pa ndeke imene nchito yace inali kunyamula nyama, ndipo pano ndipo anakwera ndeke ina ya ku Moscow. Atafika anapeza bwalo la kapinga wocita kupanga, amene anali asanasewerepo cibadwire, kotero kuti anafunika kugula nsapato zina.

Taonani tsono m'mene anacitira. Anagonjetsa Poland 4-0, nalingana ndi Czechoslovakia 2-2. Eni mudzi a Soviet Union anawagonjetsa 2-0, nalingana ndi India 1-1. Pa 31 July anagonjetsa Austria 4-1, natenga mendulo ya golide osagonjapo ngakhale kamodzi. Patricia McKillop yekha anamwetsa zigoli 6. Mai Sally Mugabe analonjeza ng'ombe imodzi kwa wosewera aliyense, koma cimene analandira pambuyo pace cinali phukusi la nyama.

Wophunzira mbiri ayenera kuona mbali zonse. Nzoona kuti magulu amphamvu, monga Netherlands ndi West Germany, kunalibe. Nzoonanso kuti akazi onse 16 a gululo anali azungu, pakuti m'nthawi ya atsamunda hoki inali kuphunzitsidwa makamaka m'masukulu ao. Komabe mendulo imeneyi inali yoyamba ya dziko longoturuka m'nkhondo, ndipo panapita zaka 24 lisanapatenso ina, kufikira pamene Kirsty Coventry anapambana pa kusambira ku Athens mu 2004. M'banja la Mai Stewart luso silinazime ai: mwana wao Evan anapambana dziko lonse lapansi pa masewera odumphira m'madzi ku Rome mu 1994.

Tsono kambiranani ndi aphunzitsi anu funso iri: kodi ndi atsikana angati a luso ngati lomweli amene ali m'midzi mwathu, koma sanagwirepo ndodo ya hoki cifukwa sukulu yao iribe bwalo?