Thonje ndi Mbiri ya Kusiyana kwa Chuma Padziko Lapansi

Kwa zaka zoposa 300, thonje lakhala likudutsa m'manja mwa mlimi, wopota ulusi, woomba nsalu, wosoka ndi wogulitsa, ndipo dzanja lililonse limatsala ndi gawo lake la phindu. Magawowo sadafananepo. Mbiri ya mbewuyi imaonetsa kuti pa malonda a pakati pa mayiko, gawo lalikulu limapita kwa mwini makina ndi kwa amene ali ndi mphamvu yolemba malamulo a msika.

M'zaka za m'ma 1600, chimake cha nsalu chidali ku India. Nsalu za ku Gujarat zinkafika m'madoko a kum'mawa kwa Africa, ndipo za ku Bengal zinkatchuka chifukwa cha kusalala kwake. Kampani ya East India Company itayamba kuzitutira ku London, opanga nsalu za ubweya kumeneko adalira kuti malonda awo akufa. Nyumba ya malamulo ya Britain idawamvera: mu 1700 ndi mu 1721 idakhazikitsa malamulo oletsa nsalu zamaluwamaluwa za ku India. Amalonda a m'dzikomo adapeza mpata wophunzira ntchitoyo popanda wowapikisa, ndipo mu 1771 Richard Arkwright adatsegula fakitale yopota ulusi ndi mphamvu ya madzi ku Cromford. Nthawi imeneyi n'kuti kampani ija italanda kale Bengal pa nkhondo ya ku Plassey mu 1757. Pasanathe zaka 100, malonda adatembenuka: India adayamba kugulitsa thonje losapota n'kumagula nsalu za ku Lancashire ku Britain, oomba nsalu ambiri n'kubwerera kumunda.

Chuma chimene chidalowa mu Britain sichidafike pakhomo lililonse. Eni mafakitale a ku Manchester adalemera, pomwe ana aang'ono ankagwira ntchito m'fumbi la thonje kuchokera m'mamawa mpaka usiku. Mu 1819 m'pamene lamulo lidaletsa kulemba ntchito ana osakwana zaka 9 m'mafakitale a thonje. Koma mtolo wolemera koposa udagwera akapolo. Eli Whitney atapanga makina ochotsa njere mu 1793, minda ya thonje idafalikira kum'mwera kwa United States, ndipo akapolo adachuluka kuchoka pa 700,000 mu 1790 kufika pafupifupi 4 miliyoni mu 1860. Pofika chaka chimenecho, thonje linkabweretsa ndalama zoposa theka la zonse zimene dzikolo linkapeza pogulitsa katundu kunja, olima ake osalandirapo kanthu.

Nkhondo yapachiweniweni ya ku America, kuyambira 1861 mpaka 1865, idaumitsa mafakitale a ku Lancashire, ndipo mayiko a ku Ulaya adaona kuti n'kofunika kukhala ndi minda m'mayiko amene ankawalamulira. David Livingstone atafika m'chigwa cha Shire mu 1859, adapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuomba nsalu zawozawo. Ulamuliro wa atsamunda utakhazikika, luso limenelo lidazilala. Msonkho wa nyumba udakakamiza anthu kulima thonje logulitsa, mtengo ankadula ndi wogula, ndipo nsalu ankaigula m'sitolo itachokera kutsidya kwa nyanja. Ku Mozambique, Apwitikizi adachita kukakamiza anthu kulima thonje, makamaka kuyambira 1938 mpaka 1961, ena n'kumagona ndi njala chifukwa chosowa nthawi yolima chakudya.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, pangano la GATT la 1947 lidayamba kutsitsa misonkho ya pamalire. Koma mayiko osauka atayamba kusoka zovala zotsika mtengo, mayiko olemera adadzitchinjirizanso: pangano la Multi-Fibre Arrangement la 1974 lidaika malire pa zovala zimene dziko lililonse lingawagulitse. Ngakhale zidali choncho, South Korea, Taiwan ndi Hong Kong adakwerera pa zovala zomwezo mpaka kufika pa ntchito zaluso lapamwamba. Ku South Korea boma linkapereka ngongole zofewa kwa makampani ogulitsa kunja, uku likuteteza msika wapakhomo. Malire aja ndi amenenso adakankhira kampani ya Daewoo ya ku South Korea kupita ku Bangladesh, kumene mu 1979 idagwirizana ndi kampani ya Desh n'kuphunzitsa antchito ake 130. Lero zovala zimabweretsera Bangladesh ndalama zoposa 80 pa 100 iliyonse ya zimene amapeza pogulitsa katundu kunja.

China atalowa m'bungwe la WTO mu 2001, ndipo malire a zovala atachotsedwa mu 2005, zinthu ziwiri zidachitika nthawi imodzi. Mpata wa pakati pa mayiko a ku Asia ndi mayiko olemera udachepa. World Bank imati anthu pafupifupi 800 miliyoni a ku China adatuluka mu umphawi wadzaoneni m'zaka 40. Koma m'kati mwa mayiko ambiri mpata udakula. Mafakitale a nsalu a ku North Carolina ndi South Carolina adatsekedwa, eni masheya a makampani a zovala akulemererabe. Katswiri wa zachuma Branko Milanovic adasonyeza kuti pakati pa 1988 ndi 2008 opindula kwambiri adali anthu opeza pakatikati a ku Asia ndi mpondamatiki za padziko lonse, pomwe antchito wamba a m'mayiko olemera adangoima pamodzimodzi. Ndipo nyumba ya Rana Plaza, mmene mudali mafakitale a zovala, itagwa ku Bangladesh pa 24 April 2013 n'kupha anthu oposa 1,100, malipiro otsikitsitsa a wosoka zovala kumeneko adali pafupifupi madola 38 pamwezi.

Africa idapanikizika mbali ziwiri. Ndondomeko za IMF ndi World Bank za m'ma 1980 zidatsegula malire, kaunjika n'kusefukira. Wosauka adavala motsika mtengo ndipo mavenda adapeza podyera, koma mafakitale adafooka; boma la Malawi lidagulitsa fakitale ya nsalu ya David Whitehead and Sons mu 2003. Kumunda nako, sabuside ya mabiliyoni a madola imene United States inkapatsa alimi ake a thonje idagwetsa mtengo padziko lonse. Benin, Burkina Faso, Chad ndi Mali adakadandaula ku msonkhano wa WTO ku Cancún mu 2003. Brazil, dziko lokhala ndi mphamvu yobwezera, adasumira United States ku WTO, adawina mlandu, ndipo mu 2014 adalandira madola 300 miliyoni. Mayiko anayi aja sadali m'gulu la olandira. Rwanda atakweza msonkho wa kaunjika kuti ateteze osoka ake, United States idamuchotsera mwayi wogulitsa zovala mopanda msonkho pansi pa lamulo la malonda la AGOA mu 2018.

Malonda a pakati pa mayiko atulutsa anthu ambiri mu umphawi, ndipo kutseka malire sikungalemeretse dziko laling'ono. Komabe mayiko amene adakwera ndi thonje, kuyambira Britain mpaka China, adakwera popota, kuomba ndi kusoka, boma likuwathandiza. Dziko limene likugulitsabe thonje losapota n'kumagula malaya lidakali pamalo pamene atsamunda adalisiya, ndipo mlimi wake ndiye amalandira gawo lochepetsetsa.