Njira za Mlendo Wofika ku Chikale

Masiku ano mlendo wochokera kutsidya kwa nyanja yamchere atera ndi ndege ku Lumbadzi, pa bwalo lija linatsegulidwa m'chaka cha 1983, ndipo funso lache loyamba ndi ili: kodi sitima ya pamtunda yonka ku Nkhata Bay ikwereredwa kuti? Ife amene tikhala kuno timva manyazi pang'ono pomyankha, pakuti sitima yotere palibe, ndipo sinakhalepo ndi kale lonse. Koma tiyeni tikumbukire umo alendo anafikira kuno kale, kuti tizindikire chifukwa chache.

Poyamba mseu waukulu unali nyanjayi. M'chaka cha 1875 amishoni a ku Scotland, pamodzi ndi Dotolo Robert Laws, anadza ndi kasitima kotchedwa Ilala. Pofika pa mathithi a Shire anakapasula, ndipo anthu mazanamazana anasenza zitsulo zache pamutu kufikira madzi abata, nakamanganso. M'chaka cha 1881 mishoni inasamuka ku Cape Maclear nidzakhala ku Bandawe, pakati pa Atonga. Mzungu akatsika m'sitima masiku amenewo, "galimoto" yache inali machila, ndi amuna akuthamanga naye mosinthana, alikuyimba. Ife sitiwerenga maina a amtengatengawo m'mabuku, koma popanda mapewa ao sipakadamangidwa sukulu ngakhale imodzi.

Njanji inadza pang'onopang'ono. Inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908. Ndipo m'chaka cha 1935, chomwecho anatsiriza mlatho waukulu wa pa Zambezi, inakwera kufikira ku Salima, nikhudza nyanja pa Chipoka. Apo ndipo inakumana ndi sitima za pamadzi. Nzeru ya boma inali yakuti munthu achoke ku Beira ndi njanji, atsike pa Chipoka, ndipo madzi amtengere kumpoto. Pambuyo pache njanjiyo inapotolokera kumadzulo, ku Lilongwe ndi ku Mchinji, ndipo dziko lonse la kumpoto linatsala lopanda njanji.

Njira ya pamadziyo inali ndi misozi yache. Pa 30 July 1946 sitima yatsopano yotchedwa Vipya, imene inali isanayende maulendo ambiri, inakomana ndi mphepo yaukali pafupi ndi Florence Bay, nigubuduzika. Anthu 145 anamira. Iye amene anaona mwera ulikuwinduka m'nyengo yachisanu sadzadabwa. Ilala yachiwiri inayamba nchito yache m'chaka cha 1951. Nayonso inamangidwa ku Scotland, nidza kuno zidutswazidutswa. Kwa zaka zambiri tsiku la Ilala linali ngati tsiku la phwando pa doko pano: amai ndi nthochi ndi chinangwa, matumba a usipa, ana a sukulu obwerera kwao, ndi anthu a ku Likoma ndi ku Usisya amene analibe njira ina.

Tsono mlendo wa ndege uja achita bwanji lero? Akwera galimoto ya hayala kapena basi, nasankha pa njira ziwiri. Ina idzera ku Kasungu ndi pa mapiri a Viphya kufikira ku Mzuzu, ndipo kuchokera kumeneko itsetsereka mailosi ngati 30, mokhotakhota, kufikira nyanja ioneka mwadzidzidzi pansi. Inzache idzera ku Salima, ku Nkhotakota ndi ku Chintheche, m'mphepete mwa nyanja, nipyola m'nkhalango ya mitengo ya mphira ya ku Vizara. Zonse ziwiri zimdyera pafupifupi tsiku lathunthu. Ndipo ndalama ya hayalayo mwana wa kuno wobwera ku Joni aiwerenga kawiri asanavomere. Ku Mzuzu kuli bwalo la ndege, koma ndi laling'ono.

Atafika pa msika wa Nkhata Bay ulendo sunathe. Chikale ali kumwera, kuseri kwa chitunda, mtunda wopitirira mailosi imodzi. Ena akwera galimoto, ena njinga yamoto, ena alipira mnyamata wa boti kuti awazungulitse pamadzi. Koma tsiku liri lonse tiona alendo ena alikukwera chitundacho ndi miyendo, thukuta liri kamukamu, ndipo patsogolo pao mnyamata wa kuno atasenza chikwama paphewa, monga anasenzera amtengatenga aja zitsulo za Ilala yoyamba.