Kuchokera pa Olivetti Kufika pa ThinkPad

Ntchito yotayipira anthu makalata ku Chitawira ndi yakale kuposa kompyuta. Nyumba zambiri za kuno ndi zija za Malawi Housing Corporation, ndipo m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 munkakhala makalaliki, aphunzitsi, anamwino a ku Queens ndi masekilitale a m'maofesi a m'tauni. Mayi anga aang'ono anali sekilitale. Akaweruka ankatsegula Olivetti yawo pabalaza n'kumatayipira anthu a mu mzere wathu: kalata yofunsira ntchito, lipoti la amayi a mvano, ndondomeko ya ukwati. Kumbuyo kwa pepala kunkakhala kaboni, moti chilembo chimodzi chikalakwika ankakonza pawiri. Zofunika makope ambiri ankazitayipa pa sitensulo n'kukazipukusa pa Gestetner ya ku tchalitchi, inki yakuda ili mbuu m'manja.

Makinawa boma linkawaopa. Maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo ya mu Lenti pa 8 Malichi 1992, timapepala todzudzula ulamuliro wa Kamuzu tinayamba kuyenda m'tauni muno, ndipo apolisi ankagwira anthu a m'maofesi powaganizira kuti akutichulukitsa pa fotokope ndi fakisi. Chaka chimenecho mayi aang'onowo anayamba kuwerenga kaye chilichonse asanachitayipe, ngakhale chitabwera ndi mnansi.

Ine ndinalowa geniyi matipate atabwera, pamene makampani ndi mabungwe anayamba kugulitsa makompyuta awo otha ntchito. Yanga yoyamba inali chimakina chodzaza tebulo, chotayipira zinthu za ana a ku Poly ndi a ku College of Medicine. Ankatsetsereka kuchokera ku Chichiri ndi ku Ginnery Corner atanyamula mitolo ya mapepala olemba pamanja, n'kumalipira pa tsamba. Zonse tinkasunga pa disiketi, ndipo disiketi ikakana kutseguka, munthu wamkulu ankatha kulira poyera. MalawiNet itayamba kugulitsa intaneti mu 1997, malo ena otayipira m'tauni anasanduka a intaneti olipiritsa pa mphindi. Laputopu nthawi imeneyo unkangoiona pamiyendo pa mzungu wa ku bungwe, yolemera ngati njerwa ziwiri.

Malaputopu opyapyala anadziwika kwambiri mu Januwale 2008, Steve Jobs atasolola MacBook Air mu envelopu pamaso pa khamu ku San Francisco. Makampani ena anatsatira. Lenovo, imene inagula gawo la makompyuta la IBM mu 2005 pamodzi ndi dzina la ThinkPad, inatulutsa X1 Carbon mu 2012. Sanaipangire ife. Anaipangira bwana amene amakhalira m'ndege, wofuna makina osalemetsa chikwama ndiponso batire lomufikitsa ku London asanapeze soketi. Yatsopano mtengo wake unkaposa madola 1,000.

Makampani a ku Ulaya sasunga laputopu mpaka itafa. Pakatha zaka zitatu kapena zinayi amachotsa onse pamodzi, amalonda n'kugula mwachipiku, kufufuta zam'kati, n'kutumiza ku Dubai, ku Joni ndi kwina. Ena amafika kuno m'makatoni, ena m'zikwama za achibale pa basi yodzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza. Ogulitsa a ku Limbe ndi a m'timashopu ta m'tauni onsewo amangowatchula kuti ex-UK, ngakhale amene sanapondeko ku Britain. Njira ya ku Joniyi ndi yakale. Agogo athu amene ankapita kumigodi pa Wenela, kenako pa Theba, ankabwerera ndi wayilesi, njinga ndi makina osokera, ndipo Blantyre inaphunzira kalekale kugwiritsa katundu wa kunja mpaka kumapeto, n'kukhala ndi mmisiri wa chilichonse pakhonde la sitolo.

Malaputopu a kaunjikawa ndiwo anapha geni yotayipa pa tsamba. Mwana wa ku MUBAS, monga Poly ikutchedwira kuyambira 2021, amatayipa yekha, kwa ine amangobwera ndi fulashi kudzapulinta ndi kudzamanga buku. Zotsala ndi makhadi a chinkhoswe, mapulogalamu a maliro, malipoti a banki mkhonde, ndi makalata a madala amene safuna kuti ana awo awaone. Zonsezi ndimazichita pa X1 Carbon ya mu 2015. Pa kiyibodi yake, pamwamba pa 3 pali chizindikiro cha paundi, ndipo pachivundikiro pali kachipsera ka guluu pamene anamatulapo nambala ya kampani ya mwini wake woyamba. Zilembo za A ndi E zinafika kale zikunyezimira, umboni woti munthuyo ankaigwiritsadi ntchito.

Zimene bwana uja ankazifunira m'ndege ife tinazipezera ntchito ina. Mu 2017 madzi atachepa mu Shire magetsi ankathima tsiku lonse, ndipo mu Januwale 2022 namondwe wa Ana atawononga Kapichira mavutowo anabwereranso kwa chaka ndithu. Kompyuta ya patebulo imafa nthawi yomweyo magetsi akathima, pamodzi ndi tsamba limene sunasunge. Laputopuyi imapitiriza, ndipo imadya moto wochepa moti kasola ndi batire la galimoto zimaikwanira. Kupepuka kwake, kilogalamu imodzi ndi pang'ono, kumandithandiza mu minibasi ya mu Kenyatta Drive: imalowa m'chikwama cha m'manja, mbava osadziwa kuti muli kanthu. Mulibenso disiki yozungulira ija yoopa kugwedezeka. Koma chimene ine wotayipa ndimaikondera ndi kiyibodi. Malaputopu atsopano otsika mtengo amene ndawagwirapo m'mashopu, batani lake limachita kuti phwafu, pulasitiki n'kumapindika pansi pa zala. Pamenepa ndilibe chikayiko: makina apamwamba akale amaposa makina otchipa atsopano.

Komabe kupyapyalako kuli ndi mtengo wake, ndipo amene amaudziwa bwino ndi amisiri a ku Limbe. Mmisiri amene amandikonzera ali ndi shelefu ya malaputopu akufa, ndipo m'menemo ndimo amachotsa zokonzera amoyo. Mukamupatsa ThinkPad X220 ya mu 2011 amamwetulira. Batire amalisolola kumbuyo ndi chala, RAM amaisintha atangomasula kachitseko kapansi, kiyibodi amaichotsa inu mukadali pompo. Mukamupatsa yanga amayamba wapukusa mutu. RAM yake anaiwotcherera pa bolodi kufakitale, moti ikakhala ya 4GB ndi yomweyo mpaka kalekale. Batire lili m'kati, ndipo likafufuma kupeza lenileni n'kovuta. MacBook Air ndiye imafuna sikuludiraiva yakeyake, ndipo ikabwera yokhomedwa ndi akaunti ya mwini wakale palibe chochita.

"Amayi, iyi ndi yabwino, koma tsiku limene idzadwale bolodi musadzandivute," anandiuza akupukuta fumbi la mwezi wa Okutobala mu fani ndi mswachi wakale.

Vuto latsopano silichokera m'makina ayi. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo. Yanga ndi ya m'badwo wachisanu. Choncho makina oti akuyenda bwinobwino awerengedwa okalamba ndi cholembera chabe. Kwa ogulitsa a kuno zimenezi ndi phwando, chifukwa zimene Ulaya akutaya zikubwera kuno, ndipo ambiri amaikamo Windows 11 mokakamiza n'kumauza wogula kuti ndi zatsopano. Wogulayo sangachitire mwina. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kholo la malipiro a mphunzitsi silingayandikire laputopu yatsopano ya m'katoni.

Makolo otere akabwera kudzandifunsa, ndimawauza kuti asakopeke ndi kupyapyala. Ayatse makinawo pa shopu pompo, azule tchaja, aone ngati batire likupirira. Afunse m'badwo wa purosesa, asalandire RAM yochepera 8GB, ndipo aonetsetse kuti mulibe pasiwedi ya kampani yakale yokhoma makina. Mwana wophunzira zojambula mapulani a nyumba ndiye asamugulire yamtunduwu, imatentha n'kumakoka miyendo.

Anyamata a ku MUBAS amandinyengerera kuti ndiikemo Ubuntu, imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anaiyambitsa mu 2004, ati ndi yaulere ndipo makina akale amathamanga nayo. Akunena zoona, ndinaona pa laputopu ya mmodzi wa iwo. Koma makasitomala anga amabwera ndi mafayilo a Word ndi Publisher, ndipo khadi la ukwati likasokonekera mzere umodzi wokha ankhoswe sandimvetsa. Ndiye ndatsala pa Windows 10, intaneti ndimailumikiza pokhapokha polandira fayilo, ndipo za ndalama zonse ndimachitira pa foni.