Mfungulo ya Khomo la Nthambo

Aphunzitsi ndi ana a sukulu nonse, makamaka inu a ku Vubwi, ku Sinda ndi ku Katete, phunziro lathu la lero ndi mbiri ya khomo lina laling'ono la kompyuta, ndi ya anthu amene amaloledwa kudzera pa khomolo. Pa Chingerezi limatchedwa serial port. Ife tilitcha khomo la nthambo, chifukwa ndi pamene nthambo imalumikizidwa kuti kompyuta ilankhulane ndi makina ena. Zizindikiro zimadutsa pa khomoli chimodzichimodzi, monga anthu oyenda mondondozana m'kanjira ka kudimba.

Kachitidwe kameneka kanachokera ku telegalafu. Makina otchedwa teletype, amene ankalemba mauthenga obwera pa nthambo, ndiwo anayamba kugwiritsidwa ntchito polankhula ndi makompyuta akale. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, akatswiri a ku America anagwirizana za lamulo limodzi la kalumikizidwe kake, lotchedwa RS-232, kuti makina a makampani osiyana azimvana.

M'chaka cha 1969, Ken Thompson ndi Dennis Ritchie a ku Bell Labs anayamba kukonza Unix, dongosolo loyendetsera kompyuta imodzi yogwiritsidwa ntchito ndi anthu ambiri. Pamenepo panabuka funso: kodi ndani adzaloledwa kugwira chiyani? Yankho la Unix linali lakuti chinthu chilichonse m'kompyuta, ngakhale khomo la nthambo, chikhale ndi mwini wake, ndi gulu lake, ndi malire a zimene anthu ena onse angachite nacho. Pamwamba pa onse panaikidwa woyang'anira, wotchedwa root, wosunga mfungulo ya makomo onse.

Nanga khomo la nthambo analitsekeranji? Chifukwa chake chinali ndalama. Pa khomoli pankalumikizidwa modemu, kachipangizo kosandutsa malemba kukhala phokoso loyenda m'nthambo ya lamya. Aliyense wotsegula khomolo akanatha kuimba lamya kudziko lakutali, ngongole n'kugwera mwini kompyuta. Ndiye chifukwa chake kufikira lero, m'makompyuta a Debian ndi Ubuntu, amene ali a m'banja la Linux loyambitsidwa ndi Linus Torvalds mu 1991, gulu la ololedwa limatchedwa dialout, ndiko kuti oimba lamya kunja. Nalo khomo lenilenilo limalembedwa ttyS0, ndipo zilembo zitatu zoyambazo zikutikumbutsa teletype yakale ija.

Dziko lathu la Zambia lili ndi mbali yake m'mbiriyi. Mu 1991, Yunivesite ya Zambia ku Lusaka inayamba kutumiza ndi kulandira makalata a pa kompyuta kudzera m'modemu ndi nthambo ya lamya, mothandizana ndi Rhodes University ya ku South Africa. Makalata ankasonkhanitsidwa kaye, n'kutumizidwa pamodzi pa nthawi yoikika, popeza mphindi iliyonse ya lamya yakunja inali yodula. Mu 1994 yunivesiteyo inakhazikitsa kampani ya ZAMNET, ndipo Zambia anakhala mmodzi mwa maiko oyambirira mu Africa kulumikizidwa kwathunthu ku intaneti. Chaka chomwecho bungwe la PTC, limene linkayendetsa positi ndi lamya, linagawidwa kukhala Zampost ndi Zamtel. Masiku amenewo khomo la nthambo linali la anthu owerengeka a m'tauni.

Tsopano zinthu zinasintha. Vubwi, amene achita malire ndi Malawi ndi Mozambique, anakhala boma paokha mu 2012 atapatulidwa ku Chadiza, ndipo mu 2013 dongosolo latsopano la maphunziro linalowetsa phunziro la kompyuta m'masukulu a dziko lino. Khomo lakale lija la timinga tisanu ndi tinayi silionekanso kawirikawiri, pakuti USB, imene inafika mu 1996, inalowa m'malo mwake. Komabe zipangizo zambiri zolumikizidwa pa USB, monga timakina tophunzirira ta Arduino, zimadzionetsa kwa kompyuta ngati khomo la nthambo. Choncho mwana wa sukulu angalumikize kachipangizo kake bwinobwino, kompyuta n'kumuuza kuti alibe chilolezo. Sikuti chawonongeka ayi. Loko wakale uja ndiye akali pa chitseko.

Aphunzitsi, apa pali njira zitatu. Yoyamba ndiyo kupatsa mwana mawu achinsinsi a root; koma amene wagwira mfungulo imeneyo angathe kufafaniza ntchito ya sukulu yonse mwangozi. Yachiwiri ndiyo kutsegula khomolo kwa aliyense. Koma pamenepo simudziwanso amene walowa, ndiponso chilolezocho chimatha mukangozula chipangizocho kapena kuzimitsa kompyuta. Yachitatu, imene ili yanzeru, ndiyo kulemba dzina la mwanayo m'gulu la dialout, pogwiritsa ntchito lamulo lotchedwa usermod. Mwanayo akatuluka m'kompyuta ndi kulowanso ndi dzina lake, makomo a nthambo okhawo ndiwo amamutsegukira, ena onse akali otseka.

Makolo athu ankadziwa bwino nzeru imeneyi. Mwana wamkulu ankaloledwa kutapa chimanga m'nkhokwe, koma sankapatsidwa mphamvu yogulitsa mbewu ya chaka chamawa.

Ana inu, mukapatsidwa chilolezo, chisungeni mwaulemu, ndipo musabwereke dzina lanu kwa mnzanu. Musanabalalike, kambiranani ndi aphunzitsi anu mafunso awa: N'chifukwa chiyani khomo la nthambo linatsekedwa poyamba? Dzina lakuti dialout likutanthauza chiyani? Nanga pa sukulu panu, ndi mfungulo ziti zimene ana amaloledwa kusunga, ndipo ndi ziti zimene zimakhala ndi aphunzitsi aakulu?