Chibonga cha amalume

Amalume anga kuno ku Kauma amalondera nyumba ya mzungu ku Area 12, chida chawo chibonga basi. Likafika Lachisanu bwanayo amathawira ku Cape Maclear, komwe amishoni a Livingstonia anafikira mu 1875. Kumeneko, akuti, iye ndi anzake amatsutsana ngati alonda azipatsidwa mfuti.

Mkanganowu ndi wakalekale. Mu 1890 ku Brussels, maiko a azungu anagwirizana kuti mfuti zamakono zisamagulitsidwe kwa anthu akuda kuno, ati pofuna kuthetsa malonda a akapolo. Ife anatisiyira gogodela. Mpake kuti mu Januwale 1915 anthu a Chilembwe anakathyola mosungira zida ku Mandala, koma anangotulukamo ndi mfuti zochepa.

Amalume mfutiyo saifuna. "Akuba angayambe ndi ine, mphwanga."