Zimene zimasenza nyumba ndi milatho ya ku Zomba

Tengani thabwa la paini locheka m'phiri la Zomba, lija amisiri amati thu bayi sikisi, la mamilimita 50 ndi 150. Mukaligoneka chafulati pakati pa makoma awiri n'kupondapo, limapindika. Mukaliimika cham'mbali, thabwa lomwelo limasenza katundu wochuluka katatu. Nzeru ya mtanda yagona pamenepo: mphamvu yake ili m'kuzama kwake, kuposa m'lifupi.

Mtanda, umene omanga amati bimu, ndi chilichonse chogona chopingasa n'kumasenza katundu pakati pa malo awiri otsamirapo. Ukalemedwa, pamwamba pake pamapanikizika pomwe kunsi kumakokeka. Thabwa ndi chitsulo zimapirira zonse ziwirizi. Konkire ayi. Ndi wolimba pomupanikiza, koma pomukoka amang'aluka msanga. N'chifukwa chake mu bimu yotsamira mbali ziwiri zitsulo zikuluzikulu, monga Y12, zimakhala kunsi, ndipo timaling'i timazimanga mothinana chakumapeto, kumene bimu imafuna kudukira chopendekera. Kakhonde kotulukira kunja kopanda mzati kamatembenuza lamuloli: kukokeka kumakhala pamwamba, zitsulo nazo zikhale pamwamba. Mmisiri wosadziwa zimenezi musamupatse nyumba yosanjikiza.

Mzati, kapena nsanamira, ntchito yake ndi ina. Umalandira katundu kuchokera ku mitanda n'kumutsitsira ku maziko. Mdani wake ndi kutalika kopanda kunenepa: mzati woonda mukauwirikiza kawiri msinkhu, mphamvu yake yokana kukhota imatsika kanayi. Makolo athu ankazidziwa izi popanda masamu. Pomanga ankasankha mtengo wowongoka wokhala ndi phanda kuti ulandire mgomba, mapaso n'kutsamira pamenepo, nsichi zikugwira khoma.

Nyumba zakale za tawuniyi zimasonyeza dongosolo lomweli. Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo Hotel Masongola, imene John Buchanan anaimanga mu 1886 ngati nyumba ya kazembe wa Britain, ikadali chiimire. M'makonde a nyumba za nthawi imeneyo mumaona bwinobwino ulendo wa katundu: denga likutsamira mapaso, mapaso pa mtanda, mtanda pa mizati, mizati pa nthaka.

Pa mlatho, mtanda waukulu wosenza mitanda ina ndi msewu womwe mainjiniya amautcha girder. Wachitsulo kawirikawiri umaoneka ngati chilembo cha I ukauyang'ana kumapeto: chitsulo chambiri pamwamba ndi pansi, pamene pali ntchito, ndi chopyapyala pakati kuti usalemere pachabe. Ndi ulalo uja wa mitengo iwiri yogoneka pakhwawa, koma utapita kusukulu.

Komatu milatho yathu nthawi zambiri sifera pa girder. Mitsinje ya Mulunguzi, Likangala ndi Domasi imatsika m'phiri mwaliwiro, itanyamula miyala ndi zipika. Madzi amakumba pansi pa mizati ndi m'mbali mwa mlatho mpaka chosenzacho chitasowa potsamira. Amene anaona madzi osefukira a Januwale 2015 ndi namondwe Freddy mu Marichi 2023 akudziwa mmene zimachitikira. Ofukula mchenga pafupi ndi mlatho amathandiza madziwo ntchito.

Chimene chimandidandaulitsa ndi nyumba zimene zikukwera m'zitunda za Sadzi, Chikanda ndi Chinamwali. Ndalama zikachepa, choyamba kudulidwa ndi chosaoneka: zitsulo zinayi zimasanduka ziwiri, simenti amaitalikitsa ndi mchenga, ndipo ring beam, lamba womanga makoma onse pamodzi, amangoiika pamwamba pa mazenera basi. Ena amachotsa matabwa ochirikiza pakangopita masiku ochepa, chonsecho mphamvu ya konkire amaiyeza pa masiku 28, ndipo masiku oyambirira amafuna kuthiriridwa madzi.

Inu omangitsa, tsiku lothira konkire mukhalepo. Werengani zitsulo, onani kumene zagona, ndipo onetsetsani kuti sizikukhudza matabwa, pakuti chitsulo chosakutidwa bwino chimachita dzimbiri n'kuphulitsa bimu. Matailosi ndi penti zikhoza kudikira chaka chamawa.