Orlando Martins: Munthu Amene Adapatsidwa Liwu Limodzi



Inu a ku Mua, ku Golomoti ndi ku Mtakataka mukudziwa bwino zimene zimachitika pabwalo gule akakolera. Maso a khamu lonse amakhala pa wovina, ndipo makutu amatsata mbalule, ng'oma imene imalankhula ndi mapazi ake. Koma pambali pamakhala munthu wina woomba mpanje, amene dzina lake silitchulidwa anthu akamabwerera kumudzi. Tsiku limene munthu ameneyu adzadwale ndi pamene mudzi udzazindikire kuti iye ndiye ankagwira gule yense.

M'mafilimu namonso muli anthu otere. Sakhala eni nkhani, ndipo mayina awo amalembedwa m'munsi ndi zilembo zing'onozing'ono. Lero amaoneka ngati mfumu, mawa ngati mlonda, mkuja ngati wogulitsa mowa. Mmodzi wa iwo, amene tikambe mbiri yake lero, ndi Orlando Martins, Mwafirika amene adasewera mbali zoterezi kwa zaka zoposa 40.

Martins adabadwira mu mzinda wa Lagos, m'dziko la Nigeria, pa 8 Disembala 1899. Pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse adalowa ntchito pa sitima ya pamadzi, yothira malasha m'ng'anjo, ndipo pambuyo pake adakhazikika ku London. Kumeneko adakumana ndi moyo wa mlendo wopanda mbale. Adagwira ganyu iliyonse imene idapezeka: adakhalapo woonetsa nsato pamaso pa anthu olipira, adachitapo masewera ogwetsana, ndiponso ankalembedwa kuti akangoima m'gulu la anthu pa zisudzo, osayankhula kanthu. M'chaka cha 1926 adaoneka koyamba mu filimu yotchedwa If Youth But Knew. Masiku amenewo mafilimu adali asanayambe kutulutsa mawu.

Mawu atabwera, vuto lina lidabadwa: kodi Mwafirika apatsidwa mawu otani? M'chaka cha 1935 idatuluka filimu ya Sanders of the River, yonena za bwanamkubwa wachizungu wolamula mitundu ya m'mbali mwa mtsinje wina ku Africa. Martins adali m'menemo pamodzi ndi woimba wotchuka wa ku America, Paul Robeson. M'gulu la anthu ongooneka mudalinso wophunzira wina wa ku Kenya, dzina lake Jomo Kenyatta. Robeson ataiona filimuyo itatha, adaikana poyera, chifukwa idasanduka nyimbo yotamanda utsamunda. Iye adali ndi dzina ndi chuma, motero adatha kukana. Martins adalibe zonsezi, ndipo m'mawa mwake adayenera kukafunanso ntchito kwa anthu omwewo.

Koma tisaganize kuti munthuyu sankadziwa mbali yolemekezeka. M'chaka cha 1936, pa Westminster Theatre ku London, adasewera m'sewero la C. L. R. James lotchedwa Toussaint Louverture, lonena za akapolo a ku Haiti amene adadzimasula okha. Iye adali Boukman, mmodzi wa atsogoleri amene adayatsa moto wa kuwukirako m'chaka cha 1791. Mbali zotere zinkapezeka kamodzikamodzi pa nsanja ya zisudzo, pamene eni mafilimu ankafuna zina.

Zimene ankafunazo tikuziona mu Men of Two Worlds ya 1946. Nkhani yake ndi ya ku Tanganyika, kumene boma likufuna kusamutsa mudzi pothawa kashembe ndi matenda a kaodzera. Martins ndiye Magole, sing'anga wotsutsa kusamukako. Olemba adafuna kuti Magole akhale chizindikiro cha mdima, koma woonera amapeza kuti munthu wokumbukika m'filimu yonseyo ndi iyeyo, chifukwa cha thupi lake lalikulu, liwu lake lakuya, ndi kaimidwe ka munthu wosapempha chilolezo kwa wina aliyense.

Tsopano tifike pa mbali imene ikutikhudza ife Amalaŵi. M'chaka cha 1949 idatuluka filimu ya The Hasty Heart. Nkhani yake ikuchitikira m'chipatala cha asilikali ku Burma, nkhondo yachiwiri ikutha. Kumeneko ndi kumene askari athu a King's African Rifles, ochokera m'midzi ya Nyasaland, adamenya nkhondo m'chaka cha 1944. M'chipatalamo muli asilikali a mitundu yosiyanasiyana. Wa ku America ndi Ronald Reagan, amene adadzakhala mtsogoleri wa dziko lake m'chaka cha 1981. Wa ku Scotland, amene akufa koma sakudziwa, ndi Richard Todd. Msilikali wa ku Africa, wochokera ku Basutoland, dziko limene lero ndi Lesotho, ndi Martins. Anzake adamupatsa dzina loti Blossom, ndipo popeza sadziwa Chingerezi, dzina lokhalo ndilo liwu limene amalitchula.

Taganizani, omvera. Amuna zikwizikwi a ku Africa adasenza mfuti ndi katundu m'nkhalango za ku Burma, ndipo pamene nkhani yawo idafika pa kanema, onsewo adaimiridwa ndi munthu mmodzi wokhala ndi liwu limodzi. Kumeneku kudali kuchepetsa, ndipo tisakubise. Komabe taonani chimene Martins adachita nalo liwulo. Msilikali wa ku Scotland uja atadziwa za imfa yake, akukwiyira anzake onse poganiza kuti ubwenzi wawo udali chisoni chabe. Blossom, amene sadamve chinsinsicho chifukwa cha chinenero, akum'patsa mkanda ngati mphatso yotsazikirana, ndipo wodwalayo akuukana mwaukali. Apa ndi pamene nkhani ikutembenukira, pakuti zikuoneka poyera kuti munthu uyu yekha sakadatha kum'konda chifukwa cha chisoni. Martins adasenza zonsezi ndi nkhope ndi manja okha. Filimu yonse idatsamira pa woomba mpanje.

Zaka za m'ma 1950 zidam'bweretsera ntchito zambiri, koma za mtundu womwewo. Adaoneka mu Where No Vultures Fly ya 1951 ndi West of Zanzibar ya 1954. Mu Simba ya 1955, yonena za nkhondo ya Mau Mau ku Kenya, adali nyakwawa. Mu Tarzan and the Lost Safari ya 1957 adali mfumu. Ndipo mu The Nun's Story ya 1959, momwe Audrey Hepburn adali sisitere wogwira ntchito pa chipatala cha mishoni ku Congo, Martins adapatsidwa dzina limene mwana aliyense wa kuno amalidziwa: Kalulu. Anthu a ku Mua, kumene Ambuye Oyera adatsegula mishoni m'chaka cha 1902, angazindikire msanga dziko la filimu imeneyi, la masisitere, odwala ndi antchito akuda amene amanyamula zonse. Angazindikirenso kuti nkhani yofotokozedwayo ndi ya mlendo, osati ya antchitowo.

M'chaka chomwecho cha 1959, Nigeria ili pafupi kulandira ufulu, Martins adabwerera kwawo ku Lagos. Adapitiriza kuitanidwa ku mafilimu a kunja, monga Sammy Going South ya 1963 ndi Mister Moses ya 1965. Koma ukalamba udam'patsa chimene unyamata udam'mana. M'chaka cha 1970 adasewera mu Kongi's Harvest, yochokera m'sewero la Wole Soyinka, ndipo chaka chotsatira adaoneka mu filimu yochokera m'mabuku a Chinua Achebe. Kwa nthawi yoyamba pa kanema, mawu a m'kamwa mwake adachokera m'nkhani zolembedwa ndi anthu a kwawo. Adamwalira ku Lagos pa 25 Seputembala 1985, ali ndi zaka 85.

Nanga timuweruze bwanji munthu ameneyu? Ena amati adathandiza kufalitsa chithunzi chonama cha Africa, cha mafumu olusa ndi asing'anga oopsa, ndipo mlandu umenewu uli ndi choona chake. Koma woweruza ayenera kufunsanso kuti khomo lina lidali kuti. Martins sadalembe nkhanizo, sadagwire makina ojambulira, ndipo akadakana, mbaliyo ikadaseweredwa ndi wina. Chimene chidali m'manja mwake ndi kaimidwe, kayang'anidwe ndi kulemera kwa liwu, ndipo m'zimenezi sadalole kuti munthu wakuda aoneke wopanda nzeru kapena wopanda mtima.

Ife kuno tidachita mwayi wina. Pamene Smart Likhaya Mbewe ankatiseketsa ndi Kapalepale pa wailesi ya MBC, ndi pamene John Nyanga ndi Eric Mabedi ankazungulira dziko ngati Izeki ndi Jakobo, ankayankhula chinenero chathu chonse, ndi miyambi yake ndi nthabwala zake, popanda wowawerengera mawu. Mwayi umenewu Martins adaudikira mpaka imvi.

Choncho, inu aphunzitsi amene mukukonza sewero pa sukulu, ndi inu ana amene mumanyinyirika mukapatsidwa mbali ya mlonda pamene mnzanu wapatsidwa ya mfumu, kumbukirani msilikali wa liwu limodzi uja. Ndipo mukadzaonanso filimu yakale, musafulumire kunyamuka nkhani ikatha. Dikirani mayina a m'munsi, muwawerenge.